Mwana wa Dokotala Sabri

Inu amene mukuona ngati dziko lakukanani, imvani za Mashair.

Tsiku limene zake zinada, anali pa zenera la ofesi yoona za alendo kuno ku Cairo. Anali atangomaliza digiri yachiwiri, ya za matenda a mbewu, utoto wa hena umene anadzikongoletsa nawo pa chikondwerero usanafufutike n'komwe m'manja. Wapazenera anamuyamikira kaye, kenako n'kumuuza kuti womaliza sukulu si mwana wasukulunso. Chilolezo chake chokhalira m'dziko chinali cha ophunzira, ndipo chinali pafupi kutha. Akafuna china, abwere ndi umboni woti walembedwa digiri yachitatu.

Kupanda apo, abwerere kwawo ku Wad Madani, ku Sudan, kumene nkhondo inasiya nyumba yawo ilibe denga, abale atabalalika.

Kuti munthu alembedwe, pamafunika mphunzitsi womuyang'anira. Wa Mashair, Dokotala Sabri, anali atapuma pa ntchito n'kubwerera kumudzi kwawo kufupi ndi mzinda wa Minya. Mashair anati asavutitse nkhalamba. Ananyamula mabuku ake n'kulunjika kwa Dokotala Fayza, mayi wodziwa bwino matenda a tirigu.

Apo ndiye analakwitsa.

Dokotala Fayza anamupatsa tiyi, namufunsa za amayi ake, koma za nkhaniyo anangoti aona. Mphunzitsi wachiwiri anati ophunzira amuchulukira kale. Wachitatu sanabise.

"Iwe ndiwe mwana wa Sabri. Mwini wake wati chiyani?"

Kuno wophunzira sachoka yekha m'manja mwa amene anamulera. Amachita kuperekedwa. Ndipo mbiri yoti Mashair akuyenda m'maofesi osatsanzika inali itafika kale ku Minya. Dokotala Sabri anasiya kuyankha foni yake.

Chakudya chinasiya kumukomera Mashair. Akaona wapolisi pa siteshoni, ankamulambalala, chilolezo chisanathe n'komwe. Bungwe la aphunzitsi lovomereza ophunzira atsopano linali litatsala ndi msonkhano umodzi wokha lisanapite kutchuthi. Akauphonya umenewo, basi, n'kumanga katundu.

Azakhali ake, a Batul, amene ankagulitsa kisira, buledi wopyapyala wa ku Sudan, kwa anthu akwawo m'dera la Faisal mu Cairo momwemo, sanamumvere chisoni.

"Madigiri awiri, koma mwambo ulibe ngakhale wodzaza supuni. Unaonapo mkazi akulowa banja lachiwiri woyamba asanamusudzule?"

Mashair anayankha kuti iye si mkazi wa munthu, si mbuzinso yoti azichita kupatsirana. Azakhali anatembenuza kisira pachiwaya n'kunena kuti chabwino, mawu okomawo akawauze asilikali a pamalire.

Lachisanu anakwera sitima ya ku Minya. Mkazi wa Dokotala Sabri anamuuza pakhomo kuti bambo agona, koma Mashair ankawamva akutsokomola m'kati, wayilesi ikulira. Anabwerera. Lachisanu lotsatira anauzidwa kuti apita kumzikiti. Anadikira pa benchi mpaka anthu onse opemphera atadutsa, Dokotala osaoneka. M'sitima pobwerera analira, mayi wina n'kumupatsa nthanga zokazinga osafunsa kanthu.

Ulendo wachitatu, msonkhano uja utatsala pang'ono, sanapitenso kunyumba. Anafunsa munda. Anawapeza aima m'chimanga, atavala mkanjo wakumudzi, akusanthula tsamba. Anamuona, koma anapitiriza zawo. Dzuwa linali loswa mtengo.

Mashair sanatchule nkhondo, sanatchule chilolezo.

"A Dokotala, ndinalakwa. Ndinachoka pakhomo panu osatsanzika. Ndabwera kudzatsanzika."

Nkhalamba inasiya tsamba lija n'kumuyang'ana.

"Ndinamva kwa anthu kuti mwana wanga akupemphapempha m'makonde ngati wamasiye. Kodi ndinafa ine?"

"Ayi, a Dokotala."

"Nanga unandiikiranji m'manda?"

Mashair anangoima pomwepo, thukuta likutsika m'khosi, akudziwa kuti munthu uyu akatembenuka, zonse zathera m'munda muno. Dokotala anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa foni.

"Fayza, ndikukutumizira mwana wanga. Ndi wamakani ngati bulu, koma diso ali nalo. Umutenge."

Tsiku la msonkhano Mashair anakhala pakhonde kudikira. Zitseko zitatseguka, Dokotala Fayza anamudutsa osaima, n'kungomuuza kuti m'mawa abwere ndi nsapato zakumunda. Sabata yomweyo anapeza umboni uja, ndipo chilolezo chatsopano chinatuluka, chakale chili pafupi kufa.

Zaka zotsatira sizinali zofewa. Chaka chilichonse ankaimanso pamzere wa chilolezo mtima uli m'mwamba. Koma anamaliza. Lero naye amatchedwa Dokotala, amafufuza za tirigu wopirira kutentha, ndipo anaitanitsa amayi ake kuti adzakhale naye.

Ine sindikunamizani kuti nzeru zokha zimakwanira. Mashair nzeru anali nazo, koma anatsala pang'ono kuthamangitsidwa nazo. Chinamupulumutsa n'chakuti atadziwa pamene analakwa, anapitako, n'kupitanso, n'kupitanso. Kupepesa sikunamuchotsere digiri ngakhale imodzi.

Inunso mwina pali munthu amene mukumuzemba, amene mawu ake angasinthe zanu. Manyazi sadzakusungani m'dziko la eni. Osataya mtima. Dzukani, kamuoneni.