Thobwa la Azakhali ndi Phazi la Abambo

Lachinayi, pa 21 Meyi, 1987

Ndadzuka msana utauma, mtima utathina ngati nkhuku yomangidwa miyendo pamsika wa Njuli. Ndagonanso pasimenti, m'mbali mwa bedi la abambo, monga amagonera odikirira odwala onse muno. Anzanga a Fomu 2 ali m'kalasi, ine ndili m'wodi ya amuna, chifukwa amayi ali ndi khanda ndipo chimanga sitinathe kukolola.

Abambo anabayidwa ndi chitsa cha nandolo kuphazi, kumunda kwathu ku Likoswe. Kabala kake kanali kakang'ono, sanakamve n'komwe mpaka katayamba kununkha. Titafika kuno ndi pamene anawapeza ndi matenda a shuga. Bambo wina amene anabwera pambuyo pathu ndi chibala cha nkhwangwa watuluka dzulo, akuyenda yekha. La abambo likungochucha, m'mphepete mwake mukuda. Anamwino anandiuza kuti shuga akachuluka m'magazi, bala limachedwa kupola ngakhale ulitsuke bwanji. Adokotala anena kuti kudako kukapitirira adzadula phazilo. Nanga munda wathu wa m'phiri uja adzaukwera bwanji?

M'mawa uliwonse amawabaya jakisoni n'kuyeza mkodzo wawo ndi kapepala kosintha mtundu. Ine ndimawaphikira phala la mgaiwa lopanda shuga ndi masamba, ku khitchini ya odikirira. Kumayambiriro kwa sabata kapepalako kanaonetsa bwino, ndipo ndinayamba kuganiza za yunifomu yanga. Lero anamwino akayang'ana, kenako ayang'ana ine.

"Iwe wa ku sekondale, wawadyetsa chiyani abambo akowa?"

Yankho ndikulidziwa. Dzulo masana kunabwera azakhali, mlongo wawo wamkulu wa abambo. Anayenda wapansi kuchokera kwawo ku Mauwa atasenza chigubu cha thobwa, zitumbuwa ndi nzimbe zodula kale.

"Achimwene, mwaondatu! Kamwanaka kakukumwetsani madzi otsukira mbale kodi?"

"Azakhali," ndinatero nditagwada, "adokotala analetsa zotsekemera."

"Adokotalawo anabadwa nawo mimba imodzi? Thobwali ndaphika ndekha, shuga wake sindinaumire. Imwani achimwene, magazi abwerere."

Mkulu wina wothyoka mwendo pabedi la kukhomo anafuula kuti, "Mayi, akakana mubweretse kuno! Ine shuga wanga adakali m'sitolo!" Wodi yonse inaseka. Abambo nawo anaseka, ndipo anandiyang'ana mwamanyazi.

"Ndingolawa, mwanangu. Munthu wayenda mtunda wonsewu."

Anamaliza kapu yonse, n'kulandiranso ina.

Anthu akutali sangamvetse chifukwa chake sindinalande kapuyo. Abambo ndi mkamwini pamudzi pa amayi. Kwa azakhali, ine ndine wa mtundu wa amayi, ndipo mwini wake wa wodwalayu ndi iwowo. Komanso kwathu munthu sapita kukazonda matenda chimanjamanja, ndipo wodwala akakana chimene wamutengera, ndiye kuti akukuganizira zoipa. Ndikaletsa, mbiri ikafika ku Mauwa yoti amayi anandituma kudzapha abambo ndi njala. Ndikakhala chete, phazi lipita. Kusukulu tinaphunzira za magazi ndi chakudya, ndinakhoza bwino ndithu, koma palibe anatiphunzitsa mmene mwana angabwezere chigubu cha azakhali ake.

Lero azakhali abweranso, chifukwa akugona kwa wachibale pafupi ndi boma. Ataona anamwino akudutsa, anabisa chigubucho kuseri kwa kabati n'kuchifunditsa nsalu. Azakhaliwo atachoka ndinayesa kulankhula ndi abambo.

"Ababa, thobwali ndikapatse anthu kunja?"

"Akadzafunsa mawa ndidzati chiyani?" Abambo anayang'ana bandeji. "Nthenda yanji iyi yodana ndi zabwino? Malungo umamwa mankhwala, n'kudya chimene wafuna."

Ndinatuluka kukachapa. Pampopi ndinkaona phiri la Chiradzulu pamwamba pa mpanda, ndi ana a sukulu akuweruka, mabuku ali pamutu. Mlonda wa pageti amandidziwa tsopano, amandiitana kuti "mwana wa a shuga". Nditati ndituluke sangandiletse, koma ndingapite kuti?

Ndikuchapa choncho, ndinakumbukira chinthu chimodzi. Azakhali balalo sanalionepo. Amafika nthawi ya alendo, atalitsuka kale, ndipo amangoona nsalu yoyera yomangidwa bwino ndi mlongo wawo woonda. Fungo lake, ndi kuda kwa m'mphepete kuja, timazidziwa ndi ine ndi anamwino okha. Azakhali si munthu woipa. Ndi iwo anabereka abambo kumsana agogo atamwalira, nkhani imeneyo amainena nthawi zonse.

Ndinafunsa anamwino ngati wachibale wamkulu angaloledwe kulowa potsuka bala. Anati, "Ngati sakomoka, abwere."

Mawa ndilawirira kumene akugona azakhali. Za thobwa sindikatchulako. Ndikawagwadira n'kunena kuti ine ndine mwana, ntchito yogwira phazi la abambo pomasula bandeji ndi ya eni munthu. Akadzaligwira ndi manja awo, anamwino adzawauze okha za shuga, ine nditaima kumbuyo ndi beseni.