Amata giyabokosi ndi phula la bwato

Moni nonse. Amalume andilanda makiyi a pikapu lero.

Ndimachokera ku Kachulu ndi matemba, ndipo cha ku Likangala mwala unagunda kunsi. Chigoba cha giyabokosi chang'aluka, oyilo akudontha. Inde, ndimayendetsa ndine. Msewuwo mukuudziwa.

Amalumewo ndinawauza kuti chigobacho n'cha aluminiyamu ngati mapoto, wowotcherera njinga sangachithe. Tichimasule, tichitsuke, tipite nacho ku Zomba kwa amene ali ndi makina ake. Iwo akuti, "Iwe wothawa sukulu undiuza chiyani? Galimoto iyi agogo ako anaigula nthawi ya chipani chimodzi, amako asanakwatiwe."

Kenako aitana a Namalomba, aja omata mabwato padoko. Asungunula phula m'chitini, anyikamo sanza, n'kutseka mng'aluwo ngati akumata bwato. Amalume azungulira nayo pabwalo mpaka injini kutentha. Nditagwada kuti ndione, phula lija linali litafewa, likulendewera, dontho la oyilo lili kunsonga kwake. Ndinawaonetsa. Anapukuta ndi chala n'kunena, "Thukuta chabe ili, mphwanga."

Oyilo akathera panjira, magiya agwirana galimoto ili pa liwiro. Mawa m'mawa amalume akunyamula azimayi a geni ya nsomba, ndipo amayi anga akweza kale madengu awo. Akuti sangakane mlongo wawo.

Ine amalume sakundimvera. Akuluakulu, ndani awaimbira lero lomwe? Kapena ndingochotsa batire ndikabise kumunda, adzandithamangitse pakhomo?