Abongololo oyera a kuphanga

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo si umbuli unandichotsa. Bambo anakana kugula khadi ya chipani, ati mpingo wathu sulola, ahedi n'kundiuza kuti wopanda khadi alibe desiki. Achinyamata a chipani atatentha nyumba ndi nkhokwe yathu, mayi ndi alongo anga anathawira kwa amalume ku Madisi. Ine ndi bambo tinakwera phiri la ku Ntchisi, kukabisala kuphanga komwe kale tinkakumbako ndowe za mileme zothira kudimba.

Fungo la mmenemo silisimbika. Amalume ankabwera ndi chinangwa ndi mtedza, n'kusiya pamwala, osalowa n'komwe.

M'ndowemo munali abongololo. Bongololo ndimamudziwa: wakuda, wonenepa, amatuluka mvula yoyamba ikagwa. Aphunzitsi a sayansi anatiuza momusiyanitsira ndi nankalizi. Nankalizi ali ndi miyendo iwiri pa mfundo iliyonse ndipo amaluma. Bongololo ali ndi inayi, amadya zowola, ukamukhudza amangodzipinda. Ndinatengera mmodzi pakhomo pa phanga n'kuyang'ana: inayi ndithu. Koma awa anali oyera ngati chinangwa chosenda, owonda, miyendo italiitali, tinyanga tikungofufuza njira. Maso ndinafunafuna, sindinawaone.

Tsiku lina ndinaika mmodzi pamwala padzuwa. Anaphiriphitha pang'ono, n'kuuma gwa.

"Ukuzunziranji cholengedwa?" anafunsa bambo. Anali atakhala mkati, chikhatho pamaso, poti kuwala kunali kutayamba kuwapweteka.

"Bambo, makolo a awa anali akuda ngati a kumunda. Analowa muno, osatulukanso. Aphunzitsi ankati zokhalitsa mumdima zimataya maso, mbadwo ndi mbadwo. Taonani tsopano."

"Mulungu anawalenga choncho, ndipo akuwadyetsa."

"Akuwadyetsa ndowe."

"Iwe, pakamwa pakopo! Ndikudziwa komwe ukulowera. Ukakagula khadi ija, usadzanditchulenso bambo."

"Nanga tikhala muno mpaka liti?"

Anayamba kuimba nyimbo ya kumpingo chapansipansi, monga ankachitira akafuna kuti nkhani ithe.

Kutacha ndinatsika phiri. Amalume anandigulira khadi, ndinapita nayo kusukulu nditaigwira m'manja kuti aliyense aione. Ahedi sanaiyang'ane n'komwe.

"Malo ako tinapatsa wina," anatero. "Komanso mwana wa anthu aja sitimufuna pano."

Ndinakweranso phiri lija, sindikudziwa kuti ndinkati ndikanena chiyani. Ndinapeza phulusa lozizira ndi makoko a mtedza, abongololo akuyendayenda pomwe bambo ankagona. Anali atawoloka malire ndi anzawo a mpingo.

Lero ndimasoka fodya pa esiteti, khadi ili m'thumba. Obwera kuchokera kutsidya kwa malire amati bambo ali moyo ndipo akulima. Akafunsidwa za ana, amati ali ndi aakazi okhaokha.