Undigwire Dzanja Ili

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Nakhuwa, chimayamba kundifika ndi fungo la utsi wa bulugama losakanikirana ndi la masamba a tiyi ofota, fungo limene silinkachoka m'malaya mwawo ngakhale nditawachapa kumtsinje mpaka manja kutuwa. Ankasonkhezera nkhuni m'ng'anjo ya fakitale pa esiteti ina ku Thyolo, ndipo belu lowerukira likalira ndinkawaona akutsika kanjira ka pakati pa minda ya tiyi, ndodo kudzanja lamanzere, chipewa chakuda chothetheka m'mphepete chili kumutu, akutsokomola ngati thirakitala yokana kulira m'mawa wa chiperoni. Tinkakhala awiriwiri kukomboni, m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza. Agogo aakazi anali atatisiya, amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, choncho wotunga madzi ndinali ine, wotola nkhuni ine, wophika kalongonda ine ndemwe, chakudya chofuna kuwiritsa ndi kutaya madzi mpaka njala imatopa yokha n'kukagona.

Agogo anali ndi chizolowezi chimene chinkatiseketsa ana onse akukomboni. Galimoto iliyonse ya pa esiteti ikamabwera, ankapatukira m'ngalande, n'kuvula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa mpaka fumbi litatha. Sankayang'ana n'komwe kuti mkatimo muli ndani. Tsiku lina anavulira thirakitala yonyamula manyowa, woyendetsa wake ali mnyamata amene anakulira m'maso mwawo akuyenda wopanda kabudula.

Chaka chimene ndinalowa Sitandade 8, aphunzitsi anatifotokozera za m'busa uja wa ku Chiradzulu amene anakana thangata, yemwe dziko limamukumbukira mu Januwale. Anati masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu osavula chipewa ankatha kulawa chikoti, koma m'busayo ankavala suti yake ndi chipewa chake, n'kumaphunzitsa anthu kuti nawonso ndi anthu. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuyaka. Ndinawapeza agogo pakhonde akusenda chinangwa.

"Agogo, m'busa uja wa ku Chiradzulu mumamudziwa?"

"Ine ayi, ndinabadwa atapita kale. Koma bambo anga anamuonapo, atangofika kumene kuchokera kwa Apwitikizi. Akuti m'busayo anali pamsewu, chipewa chili kumutu pompo, ndiye kunatulukira mzungu wa m'munda. Bambo anga anathawira m'tchire kuti asaone munthu akumenyedwa. Posuzumira anaona awiriwo akudutsana basi, chipewa chili kumutu. Nkhani imeneyi anaikamba mpaka tsiku la imfa yawo."

"Nanga inu bwanji mumavulira ndi thirakitala yomwe?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawabanikitsa. "Mwanaka, si ine. Ndi dzanjali. Linalembedwa ntchito ndili mwana, ndipo palibe analiuza kuti azungu aja anapita. Ndimati ndikamaganiza, ilo lavula kale."

Ndinaseka nawo, koma pansi pamtima zinandiwawa.

Chiperoni chitayamba, agogo anapumitsidwa ntchito chifukwa cha ukalamba ndi chifuwa chija. Lamulo la kukomboni aliyense ankalidziwa: nyumba ndi ya wogwira ntchito, ukapuma uzipita kwanu. Kwathu kunali kwa Changata, kutali, ndipo mayeso anga anali asanafike. Dzina langa linali litalembetsedwa kale pasukulu ya pa esiteti. Kusamuka nthawi imeneyo kunali kutaya chaka chonse, ndipo ine ndinkadziwa bwino zimene zinkawachitikira atsikana otaya chaka: dengu la tiyi kumsana, kapena mwana kumsana. Akapitawo anabwera kudzatiuza mwaulemu ndithu kuti mwezi ukatha nyumba ikufunika, pali kale mnyamata wa mkazi ndi khanda amene akuidikira.

Panapita masiku angapo. Kenako m'mawa wina, nkhungu itaphimba minda yonse moti othyola tiyi ankangomveka mawu okha, anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kundiitana.

"Teleza, lero kusukulu ukachedwa. Tikupita kwa a manijala."

"Ine ndikatani kumeneko, agogo?"

"Undigwire dzanja ili." Anatambasula lamanja. "Lamanzereli lili ndi ndodo, silivuta. Koma ili ukaligwire zolimba, olo likoke bwanji usalisiye. Munthu akagwira chipewa pachifuwa ndiye kuti akupempha, ndipo amayankhidwa ngati wopempha. Ine lero ndikufuna ndikayankhule ngati munthu amene wagwira ntchito pano moyo wake wonse."

A manijala tinawapeza panja, pashedi yoyezera masamba, atatsamira galimoto yawo. Anali Mmalawi mnzathu, wamng'ono kwa agogo kutalitali, wa nsapato zazitali zamatope. Amayi amene anali pamzere ndi madengu awo anasiya kucheza. Titangoyandikira, dzanja la agogo linanyamuka. Ndinalikokera pansi ndi manja anga onse awiri. Linali lokhakhala, la zipsera za moto, ndipo linkaphiriphitha ngati nkhuku yogwidwa miyendo.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" anatero agogo, chipewa chili kumutu.

"Ndadzuka, kaya inu madala. Tikuthandizeni?"

"Ine ndine Nakhuwa wa kung'anjo. Tiyi amene mwamwa m'mawa uno, mwina ndinaumitsa ndine. Uyu ndi mdzukulu wanga, akulemba mayeso chaka chino. Ndikuti tikhalebe m'nyumba muja mpaka alembe."

"Madala, lamulo mukulidziwa. Ndikakulolani inu, mawa abwera ena. Komanso pali banja likugona kukhitchini kwa achibale, likudikira nyumba yomweyo."

Dzanja linakokanso, ulendo uno mwamphamvu moti ndinatsala pang'ono kunyamuka nalo. Ndinaponda pansi zolimba. Agogo anawayang'ana a manijala m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita kwa munthu aliyense wa galimoto.

"Banjalo lisadikire ayi. Libwere mawa lomwe, litenge chipinda. Ine ndi mwanayu pabalaza patikwanira. Akangotuluka m'mayeso, tsiku lomwelo tinyamula mphasa zathu. Sindikupempha nyumba, bwana. Ndikuti mwana alembe."

A manijala anayamba kukanda matope a nsapato ndi kamtengo. Kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe, ukhoza koma?"

"Ndikhoza."

"Chabwino. Ngati banjalo livomera, khalani. Ndiwauza akapitawo."

Pamenepo agogo anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Tsopano lisiye." Ndinalisiya. Anakweza dzanja lawo mosafulumira, n'kuvula chipewa, n'kuwerama pang'ono. "Zikomo kwambiri, bwana." Tili m'njira anaima kuti apume, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. "Waona? Apo ndavula ndine," anatero.

Banja lija linavomera. Miyezi imeneyo inali yothinana kwabasi: khanda linkalira, agogo ankatsokomola, matewera ankayanikidwa pamwamba pa mabuku anga, ndipo mayi wa khandayo ndi ine tinkalimbirana mafuwa mpaka tinasanduka pachibale. Ndinalemba mayeso, tinasamukira kwa Changata monga agogo analonjezera, ndipo ndinasankhidwa kupita kusekondale. Musaganize kuti dzanja lija linaphunzira. Ngakhale kumudzi, galimoto ikadutsa, chipewa chinkapezeka pachifuwa, iwo n'kumalikalipira dzanja lawo m'Chilomwe ngati mbuzi yolowa m'munda. Anamwalira ndili Fomu 3.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo chaka chilichonse ndimafika pa mutu wa m'busa uja. Ana amaloweza kumene anabadwira, kumene anaphunzira ndi mmene anafera, ndipo ndi bwino kuti azidziwa. Koma ndikatseka buku ndimawauza kuti munthu wotchuka samalizitsa yekha ntchito yake. Iye anangodutsa pamsewu tsiku limodzi, mlendo wamantha, bambo wa agogo anga, akusuzumira m'tchire, ndipo zimene mlendoyo anaona zinayenda m'banja mwathu zaka zonsezo mpaka zinandipezera malo olembera mayeso.

Mantha aja nanenso ndinatengera, sindingabise. Ndikamalowa mu ofesi ya akuluakulu kukanenera mwana amene akufuna kumuchotsa sukulu, mawu anga amafuna kuchepa, maso amafuna kugwa pansi. Zikatero ndimagwira dzanja langa lamanja ndi lamanzere, zolimba, ndipo sindilisiya mpaka nditanena zimene ndabwerera.