Chibenthu cha Khoma la Rute

Tsiku limene Alufeo anasudzulidwa, anachoka kumudzi kwa mkazi wake atanyamula khasu, bulangete ndi chibenthu cha khoma. Inde, khoma lenileni, la dothi. Amene anakumana naye akutsika njira ya ku Chongoni atachifukata ngati khanda anapukusa mitu, n'kumati maliro amuzunguza mutu bambo uja.

Inu amene mwataya chinthu choti simudzachipezanso, khalani pansi mumve za munthu ameneyu.

Alufeo anali mkamwini. Anakwatira Rute m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, nakhala komweko, ndipo anabereka mwana mmodzi, Tiyanjane. Iye ankalima kabichi ndi kachewere, mbewu zogula m'mapaketi, ndipo ankayenda nazo modzimva. Rute anali ndi kadimba kake kuseri kwa nyumba. Munali maungu a khungu lokhakhala amene mbewu yake analandira kwa mayi ake, tomato wamng'onomng'ono wowawasira, kamganje ndi luni. Akakolola, ankasakaniza nthanga ndi njere ndi phulusa lonyowa, n'kumata pakhoma la khitchini pamene pamafika utsi, kuti tizilombo tisayandikire.

"Ndiwo zaumphawi izi," ankatero Alufeo. "Angagule ndani tomato wonga mikanda?"

"Zaumphawi, koma mbale mwaipukuta," Rute ankayankha akuseka.

Rute anadwala nthawi yochepa, n'kumwalira Tiyanjane atangoyamba kumene sukulu. Mwambo wa maliro utatha, akuchikazi anamumasula Alufeo mwaulemu kuti abwerere kwawo. Palibe amene anamuchitira nkhanza. Kungoti munda unali wawo, mwana anali wawo, ndipo khitchini ya malemu anagwirizana zoigwetsa.

Anyamata atayamba kusasula udzu, kuwala kunalowa m'khitchinimo, ndipo Alufeo anaona phulusa lomaliza limene Rute anamata. Pamwamba pake panali mizere inayi ya zala zake, wa chala chaching'ono utakhota pang'ono monga chinalili chalacho. Chithunzi cha Rute analibe ngakhale chimodzi.

"Alamu, ndipatseniko pokhapa," anauza mchimwene wa Rute.

"Dothilo? Tengani, alamu."

Kwawo, kufupi ndi Chimbiya, mchemwali wake Magadalena anamupatsa kanyumba ndi kamalo kuseri kwake. Alufeo sanalimepo. Anaika chibenthu chija m'lichero, n'kulipachika kudenga. M'mawa uliwonse ankalitsitsa, kuika zala zake m'mizere ija, kenako ulendo wa pamsewu kukasenza matumba a anthu ogulitsa kachewere. Zimene wapeza zinkathera ku kachasu.

Choopsa kwambiri chinali cha mwana. Akapita ku Chongoni kukamuona, Tiyanjane ankagwada patali, kupereka moni ngati kwa mlendo, n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake aang'ono. Fungo la mowa ankalimva. Alufeo ankabwerera mtima ukuwawa, akudziwa kuti mkazi anamutaya kale ndipo tsopano akutaya mwana ali moyo.

Mvula ziwiri zinadutsa chibenthu chili kudenga. Tsiku lina Magadalena anamupeza atachigwira, ndipo mayi ameneyu sankadziwa kuzungulira polankhula.

"Achimwene, mukudziwa kuti m'dothimo muli zamoyo? Alamu anga anamata kuti zidzalidwe, osati kuti muzizisisita."

"Ndikaphwanya, zala zake zitha."

"Mukapanda kuphwanya, mbewu zifa. Mudzatsala ndi dothi basi."

Alufeo anakwiya, osamulankhula mchemwali wakeyo kwa masiku. Koma mawuwo anamukhala. Iye anali mlimi, ankadziwa kuti mbewu ikagonera kwambiri simera. Ankadziwanso kuti ku Chongoni kadimba kaja kanasanduka thengo, ndipo wina aliyense kumeneko anali atatembenukira ku mapaketi.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho itagwa, anatsitsa lichero n'kukhala nalo pakhonde. Anaika zala zake m'mizere ija komaliza. Kenako anakanikiza. Dothi linagumuka, phulusa linafuka, ndipo m'manja mwake munatsala nthanga zakuda ndi utsi ndi tinjere tosaoneka bwino. Analira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, ndipo ine sindimuseka, chifukwa kuphwanya chinthu chomaliza chimene wokondedwa wako anakhudza si masewera.

Musaganize kuti zinangoyenda. Mbewu zambiri zinali zitafa kale. Luni sanamere ngakhale mmodzi. Tomato anamera wowerengeka. Kamganje anatuluka wochepa, nkhuku za Magadalena n'kupalasa theka lake tsiku limodzi. Alufeo anadula tsekera, kumanga mpanda, kututa manyowa m'khola la mbuzi. Pa maungu panamera atatu. Limodzi mbozi inalidula, lina linafota, linatsala limodzi.

Anzake a kumowa ankabwera kudzasuzumira pampanda.

"Bambo wamkulu ngati iwe, kulondera nkhwani? Tikugulire chitenje?"

Iye ankangopitiriza kuzulira udzu. Ngakhale Magadalena atapempha nkhwani wa tsiku limodzi, anamukaniza. Tsamba lililonse linali ndi ntchito yodyetsa dzungu.

Chaka chimenecho anakolola maungu ochepa, n'kusunga nthanga zonse. Chaka chotsatira anadzala mokondwa, koma ambiri anatuluka osalala khungu, amadzimadzi, osakoma. Alufeo anakhala pansi m'dimbamo mutu uli m'manja. Zala za Rute anaziphwanya, ndipo tsopano mbewu nayo inkaoneka kuti yamuthawa.

Anapita kwa mlangizi wa zaulimi, munthu amene Alufeoyo kale sankamulabadira. Mlangiziyo anamufotokozera kuti njuchi zinatenga ufa wa maluwa m'minda ya anansi n'kusakaniza ndi maungu ake. Anamuuza kuti asunge nthanga za dzungu lokhalo lofanana ndi la kale. Anamuonetsanso mochitira: kumanga ndi luzi duwa lachimuna ndi lachikazi madzulo asanatseguke, kulawirira m'mamawa njuchi zisanadzuke, kupaka ufa wa lachimuna pa lachikazi, n'kulimanganso.

Apa ndi pamene kachasu anathera. Palibe m'busa amene anamulalikira. Kungoti duwa la dzungu limatseguka m'mamawa n'kufota dzuwa likakwera, ndipo silidikira munthu wa matsire. Atagonereza kawiri, maluwa n'kupita pachabe, Alufeo anaona yekha kuti ayenera kusankha. M'kuzizira kwa ku Dedza, chifunga chili tolo, ankapezeka atagwada m'mame, akumanga maluwa.

Pang'onopang'ono khungu lokhakhala linabwerera. Kamganje anachuluka. Luni anakapempha kwa mayi wina wa ku Kabwazi, posinthana ndi nthanga. Tomato wonga mikanda uja, amene ankati palibe angagule, ndi amene anayamba kuimitsa magalimoto pa Chimbiya. Anthu a m'tauni ankatsika n'kumati akhala akumusaka kuyambira ali ana. Amayi a m'midzi yozungulira anayamba kubwera kudzapempha mbewu, ndipo iye ankapereka ndi pempho limodzi, loti akakolola apatseko wina. Lero magulu a alimi amabwera kudzaphunzira m'kadimba kake. Mmodzi mwa oseka aja amathirira nawo.

Koma Alufeo sanaphwanye chibenthu chija chifukwa cha magalimoto.

Chaka chimene maungu onse anatuluka ofanana, anasankha lalikulu, kulisenza paphewa, ulendo ku Chongoni. Tiyanjane anali atasinkhuka, ali pafupi kumaliza pulayimale. Anagwada patali monga mwa masiku onse. Mayi ake aang'ono anadula dzungulo, kuliphika, n'kugawira aliyense chidutswa. Linali louma bwino ngati mbatata, lofiirira mkati.

Tiyanjane analuma kamodzi, n'kusiya kutafuna.

"Ili ndi dzungu la amayi."

Mayi ake aang'ono anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Ababa, mwalipeza kuti?" anafunsa mtsikanayo, ndipo aka kanali koyamba kuwayang'ana m'maso chimwalirire mayi ake.

"Pakhoma paja, mwanangu. Mayi ako anatisiyira."

Tiyanjane anasendera pafupi, n'kukhala pamphasa imodzi ndi bambo ake.

Sukulu itatsekera, akuchikazi anamulola kukacheza ku Chimbiya. Inali nthawi yosunga mbewu. Alufeo anasefa phulusa, kulinyowetsa, kuthiramo nthanga ndi njere, n'kumupatsa mwana wake mbaleyo.

"Mata apo, pamene pamafika utsi."

Mtsikanayo anatapa ndi dzanja, n'kukoka pakhoma kuchokera mmwamba kutsika pansi. Atachotsa dzanja, panatsala mizere inayi, wa chala chaching'ono utakhota pang'ono.

Alufeo anayang'anitsitsa, osaphethira.

"Ndalakwitsa, ababa?"

"Ayi. Wamata ndendende."

Mvula itabwera, anagumula phulusalo ali awiri, ndipo ulendo uno Alufeo sanalire.

Abale anga, ambirife tili ndi chibenthu chathu kudenga. Timachitsitsa, kuchisisita, kuchibwezera, zaka n'kumapita, chonsecho mkati mwake muli zamoyo zimene zikufa pang'onopang'ono. Kuphwanya kumawawa, sindikunamizani. Zina sizidzamera, nkhuku zidzapalasa, anzanu adzaseka pampanda. Komabe tsitsani lichero lanu mvula ino isanadutse, ndipo chimodzi chokha chikamera, chisamaleni. Osataya mtima.