Chimbale Chimene Ndinayanika Padzuwa

Ndikukumbukira fungo la chuku m'nyumba ya a Nkhoma ku Area 10, chaka chimene mvumbi unagwa sabata yathunthu osapumira. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anga, a Nabanda, ankagwira ntchito ya m'nyumba pamenepo, ndipo awirife tinkakhala kuboyizikota, kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba yaikulu, moyang'anana ndi khola la nkhuku. Kachipinda kameneko ndiko kanali ponseponse pathu. Abambo atamwalira, abale awo anatenga munda wathu ku Mitundu, moti kobwerera kwenikweni kunalibe. Ndikachita chibwana, amayi sankachedwa kundikumbutsa kuti ntchito yawo ikatha, sukulu yanga yatheranso pomwepo.

A Nkhoma anali injiniya wopuma pantchito. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kunja. Sanali munthu wankhanza, koma mawu awo anali owerengeka, ndipo akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkayamba kukumbukira machimo amene sunachite n'komwe. Ali mnyamata anakaphunzira kunja, ndipo anabwerako ndi zimbale za galamafoni, zakuda zija zazikulu ngati chivundikiro cha poto, chilichonse m'chikuto chake cha katoni. Zinkakhala m'kabati pabalaza, ndipo lamulo la pakhomopo linali limodzi: chilichonse pukutani, koma kabati imeneyo musaigwire. Bambo amene ankagwira ntchitoyi amayi asanabwere akuti anachotsedwa chifukwa chopukuta chimbale ndi kansalu ka polishi. Kaya zinali zoona kaya ayi, ife tinkazikhulupirira ndi mtima wonse.

Loweruka lililonse masana kunkabwera mnzawo, a Jere a ku Area 3, chimbale chili m'khwapa. Aliyense ankaika chimene wakhala akumvera sabata imeneyo, kenako n'kuyamba kukangana. A Jere ankakonda nyimbo za rock, ng'oma zogunda mpaka makapu kunjenjemera m'kabati, magitala okuwa. A Nkhoma anali a blues, nyimbo zodekha zodandaula. Ine ndinkakhala panja kunsi kwa zenera, lichero pamiyendo, ndikusankha mpunga umene sunkatha kusankhika mpaka nyimbo zitatha. Amayi akamadutsa ndi ndowa ankapukusa mutu.

"Azibambo akuluakulu, ophunzira bwinobwino, kukhala pansi kumamvera munthu akubuula ngati dzino lamugwira," ankatero.

Koma ine panali chimbale chimodzi chimene chinandilowa m'mafupa. Chingerezi chake sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Pa nyimbo yachiwiri, bambo wa mawu okhuthala ankaimba mzere umodzi n'kusiya, ndiye gitala n'kumuyankha. Aimbenso, gitala ayankhenso. Ndi mmene azimayi a kwathu anaimbira pa maliro a abambo anga, mmodzi kutsogolera, ena kuvomera. Ndinkachimva ndikumva chisoni, koma chisoni chake chinali chokoma, ndipo sindinkafuna kuti chithe.

Tsono mvumbi uja unapeza a Nkhoma atapita ku Blantyre kumaliro a mlamu wawo. Denga la pabalaza linayamba kudontha pakona, madzi n'kumatsika ndi khoma mwakachetechete kuseri kwa kabati. Tinazindikira Lachisanu m'mawa, dzuwa litatuluka koyamba. Nyumba yonse inkanunkha chinyontho. Amayi anachita zimene mayi aliyense wa kwathu amachita dzuwa likaoneka: anatulutsa mabulangete, mapilo, makhushoni, nsapato, kapeti, zonse kukayanika. Kwathu dzuwa ndi mankhwala. Ufa ukachita chinyezi, padzuwa. Matiresi akalowa nsikidzi, padzuwa. Mwana akazizidwa, padzuwa. Atamaliza anamanga chitenje kuti athamangire kumsika waukulu ku Old Town, abwana asanafike mawa lake.

"Tamanda, chilichonse chonyowa chimene ndaiwala, uyanike," anatero ali pageti.

Ndiye ine, mwana womvera, ndinazungulira nyumba kufunafuna chonyowa. Nditafika pakabati ndinaona madzi akutuluka kunsi kwa chitseko chake. Lamulo ndinkalidziwa, koma ndinaganiza kuti lamulo linaikidwa poteteza zimbale, ndipo zimbalezo zinali kumira. Ndinatsegula. Zisanu ndi ziwiri za pansi zinali zitanyowa, makatoni ake atafewa, ena atayamba kale timadontho ta chuku. Ndinazisolola chimodzichimodzi, mosamala ngati mazira. Makatoni ndinayala pakapinga. Malo a dzuwa anali atadzaza ndi mabulangete, choncho zimbale zisanu ndi chimodzi ndinaziimika pakhonde, pamthunzi, ndikuzimvera chisoni kuti zichedwa kuuma. Koma chachisanu ndi chiwiri chinali changa chija. Chimenecho ndinati ayi, chiyenera malo abwino kuposa onse. Ndinakwera pandowa n'kuchigoneka pamalata a khola la nkhuku, pamene amayi ankayanika mphale, dzuwa likumenya popanda tsamba lotchinga.

Ndinakasamba, ndinadya chimanga chootcha, ndinasewera fulaye ndekha ndi khoma. Mtima unali mbee. Nkhuku zitayamba kubisala pamthunzi ndinakweranso pandowa kuti ndikachitembenuze, monga timachitira ndi chilichonse choyanika. Chinanditentha zala. Nditachinyamula ndi m'mphepete mwa diresi, ndinaona kuti sichinalinso chafulati. Mbali imodzi inali itatukuka, ina itagwa, chitapindika ngati tsamba louma la mbatata. Ndinachiika pansi, ndinachikanikiza ndi manja, ndinachipemphera. Chinakana.

Amayi atafika sanandimenye, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri. Anatula dengu, anayang'ana chimbale, n'kukhala pansi pa dothi ndi chitenje chawo chatsopano.

"Mwana iwe wandipha," anatero motsitsa mawu. "Tilowera kuti?"

Patapita kanthawi anadzuka ndi nzeru. Chokwinyika chilichonse m'nyumba imeneyo ankachiwongola ndi simbi, ndiye anati ichinso chimva simbi. Anayala thaulo patebulo, anaika chimbale, anachifunditsa kansalu konyowa, analumikiza simbi kukhoma. Simbi itangoyamba kufunda, magetsi anazima. Amayi anawatukwana magetsiwo mpaka agogo awo. Lero ndikamva anthu akudandaula za kuzima kwa magetsi ndimangokhala chete, chifukwa ine tsiku limenelo anandipulumutsa.

Madzulo ake amayi anatulutsa zikwama ziwiri za mizeremizere zimene tinabwera nazo kuchokera kumudzi, n'kuyamba kupinda zovala. Yunifolomu yanga anaiika pansi penipeni. Anandiuza kuti abwana akafika ndisatsegule pakamwa, anena kuti anayanika ndi iwo, pakuti munthu wamkulu amadziwa kupepesa kwake.

A Nkhoma anafika Loweruka cha m'ma naini m'mawa. Amayi anawalandira chikwama, anawapatsa madzi, kenako anagwada pakhomo la pabalaza chimbale chili m'manja. Ine ndinali kumbuyo kwawo. Asanayambe kulankhula, mawu anangotuluka okha m'kamwa mwanga.

"Ndine ndinayanika, bwana. Amayi kunalibe."

Anatenga chimbalecho, anachikweza m'mwamba, anachiyang'ana cham'mbali. Anapita kukabati, anagwira khoma lonyowa, anayang'ana kudenga. Anatuluka pakhonde n'kuona zisanu ndi chimodzi zija zili bwinobwino. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zinazi unaziika pamthunzi. Ichi chokha n'chifukwa chiyani unachiika pamalata?"

"Ndimafuna chiume msanga, bwana. Ndi chimene ndimachikonda."

"Umachikonda? Unachimvera kuti iwe?"

Ndinaloza zenera. Amayi ananditsina pamwendo, koma ndinali nditayamba kale. Ndinawauza za nyimbo yachiwiri, za bambo woimba ndi gitala womuyankha, ndi za maliro a abambo anga. A Nkhoma anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"A Nabanda, dzukani," anatero. "Denga ndi langa, ndinalilekerera ndine. Tachotsani galasi la patebulo apo, mulitsuke."

Galasi lachiwiri analichotsa okha pa chithunzi chachikulu cha ukwati wawo. Anagoneka chimbale pakati pa magalasi awiriwo, n'kupita nacho panja, padzuwa lomwe lija. Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana amayi. A Nkhoma anaima pambali ndi wotchi yawo ya pamkono, akugwira galasi ndi chikhato pafupipafupi. Litafunda pang'ono chabe, analowa nacho m'nyumba, anachiika pasimenti yozizira, n'kusanjikapo mabuku awo onse a uinjiniya. Anati palibe wochigwira mpaka mawa. Za ntchito ya amayi sananene kanthu, ndipo zikwama zathu zinagona zomanga.

Lamulungu titabwera kutchalitchi tinapeza galimoto ya a Jere pabwalo, ndipo a Nkhoma anatiitana tonse pabalaza. Aka kanali koyamba ine kukhala pampando wa m'nyumba imeneyo, ndipo ndinangokhalira m'mphepete. Anachotsa mabuku. Chimbale chinali chitawongoka, koma osati kwenikweni, chifukwa m'mphepete munatsala kaphiri kakang'ono. Anachiika pagalamafoni, anatsitsa singano. Ndinatseka maso. Kunamveka kuthetheka kwa singano, kenako gitala. Pozungulira paliponse singano inkakwera kaphiriko n'kutsika ngati minibasi pa hampu, ndipo mawu a gitala ankagwedera pang'ono, koma sinadumphe. Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri inayamba, bambo uja anaimba mzere wake, gitala anamuyankha bwinobwino.

Mpweya umene amayi anatulutsa unamveka chipinda chonse. Ine ndinangoyamba kulira, mamina ndi misozi, pampando wa eni ake.

"Wachikonza mwanayu," anatero a Jere akuseka. "Kale chinkangobuula, pano chikunjenjemeranso."

"A Nabanda," anatero a Nkhoma, "ndaona zikwama pakhomo panu. Mukupita kuti? Kamasuleni. Ndipo uyu Loweruka azikhala m'kati muno, mpunga wanu mudzasankhe nokha. Koma iwe, kabati uzitsegula ine ndilipo."

Amayi anawomba m'manja mwaulemu, anatuluka chammbuyo, ndipo titafika kuseri ndi pamene anandipatsa khofi la patsaya limene linandidikira masiku awiri. Linali lokoma. Yunifolomu anaitulutsa yoyamba, n'kuisita ndi simbi yomwe ija.

Tinakhala pakhomopo mpaka ndinamaliza Folomu 4. Loweruka lililonse ndinkamvera azibambo awiriwo akukangana, ndipo m'kupita kwa nthawi nanenso ndinayamba kuikapo mlomo. Rock ya a Jere ndinaizolowera mochedwa, koma ndinaizolowera. A Nkhoma atamwalira, ana awo anagulitsa nyumba, ndipo mwana wawo wamkazi anandifunafuna kuofesi kwathu ku City Centre ndi phukusi lafulati m'manja. Anati bambo awo analemba dzina langa pachikuto.

Masiku ano zonse zili pafoni. Tili ndi kagulu ka anthu asanu ndi atatu okonda nyimbo zakalezi, ndipo Loweruka aliyense amatumiza chimbale chimene wakhala akumvera sabata imeneyo. Timakangana ndi zala, wina ali ku Area 47, wina ali kunja, palibe amene amanyamula kanthu m'khwapa. N'zabwino ndithu, chifukwa nyimbo za pafoni sizinyowa ndipo palibe mwana amene mayi ake angachotsedwe ntchito chifukwa cha izo. Chimbale chija ndinachipezanso pamenepo, choyera, chopanda kuthetheka. Koma ndikamamvera nyimbo yoyamba khutu langa limadikira pamene gitala agwedere, ndipo akadutsa mosalala ndimaona ngati andinamiza.

Amayi akalamba tsopano, akukhala ndi ine, ndipo dzuwa likatuluka amayanikabe chilichonse chimene manja awo angafikire. Mwezi watha foni yanga inagwera m'beseni. Ndinawapeza ataima nayo pakhomo, phazi limodzi panja, lina m'nyumba.

"Tamanda," anafunsa, "ichinso chimaopa dzuwa?"