Tsiku limene a Jailosi anandithawa ku Nathenje

Ndinanyamuka pa Mitundu Loweruka mmawa, yunifolomu nditaisiya kunyumba. Ntchito yanga ndi yoyang'anira akaidi, komanso ndikuchita digiri yachiwiri ya zaupandu ndi chilungamo. Kafukufuku wanga ndi wa mmene anthu amakhalira akatuluka kundende, choncho ndinkapita ku Nathenje kukacheza ndi a Jailosi, amene anaphunzira kuwotcherera zitsulo ali m'manja mwathu.

M'minibasi tinathithikana anayianayi. Mayi wina wa dengu la tomato anandifunsa za buku lomwe ndinanyamula. Nditawafotokozera anaseka.

"Kukiya chitseko kumafunanso digiri, achimwene?"

"Kukiya sikuvuta, mayi. Kumavuta n'kutsekula."

Ndinatsika pamphambano ya ku Bunda, ndinagula chimanga chootcha, n'kukwera ina yolowera ku Dedza. Kondakitala anakweza mtengo, ati mafuta avuta. Tinadandaula, koma tinalipira. Pa Nathenje wakabaza anandiperekeza kumudzi dzuwa lili pamutu.

A Jailosi anali pakhonde. Atangondizindikira, anadumpha mpanda n'kulowa m'munda wa fodya, patapata mmodzi atatsala pabwalo. Akazi awo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Bambo a Chisomo, bwerani! Alibe unyolo awa!"

Anabwera mwakachetechete, akupuma mwabefu.

"Pepani bwana, miyendo ndi imene inayamba kuganiza."

Titakhala pansi nthabwala zinachepa. Chitulukireni anali asanapeze ntchito. "Ndani angapatse munthu amene anamangidwira kuba ntchito yomuikira zitsulo pazenera?" anatero. Ankaganiza zokasaka maganyu m'tauni, komwe kuli anzawo akale a zaupandu.

Kusukulu tinali titaphunzira kuti munthu akatuluka amafunika womuimira pamaso pa anthu akwawo, apo ayi amabwerera. Ndinawatenga mpaka kumsika, kwa a Yusufu ogulitsa zitsulo, n'kuwauza kuti zitseko za khitchini ya kundende kwathu anawotcherera ndi bambowa.

"Sizinathyoledwe?" anafunsa a Yusufu.

"Akaidi anjala anayesa, zinawakanika."

A Yusufu anauza a Jailosi kuti abwere Lolemba adzayambe ndi geti.

Pobwerera ndinakhala pampando wakumbuyo ndikuganiza. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ntchito yanga imathera pachipata cha ndende. Lolemba madzulo a Jailosi anandiimbira foni kuti geti laima, ndipo a Yusufu akufunanso mazenera.